Zomba, Mzinda Umene Unkatilamula Tisanauone

M'mwezi wa Disembala, chaka cha 1895, gulu la nkhondo linakwera kuchokera ku Nkhotakota nilidzazinga linga la Mfumu Mwase patsinde pa phiri la Kasungu. M'gulumo munali asilikali a Chisikh ochokera ku India, asilikali achikuda, ndi anthu ambiri a kunyanja onyamula mifuti; owatsogolera anali Alfred Swann ndi Edward Alston. Mlandu wa Mwase unali wakuti anasunga Saidi Mwazungu, munthu wa malonda a akapolo amene azungu ankamufunafuna, ndiponso kuti anakana kugwadira mbendera yachilendo. Linga linagwa. Mfumuyo inasankha kufa ndi dzanja lake lomwe kusiyana ndi kumangidwa, ndipo pafupi pomwepo panamangidwa boma limene kwa zaka zambiri linkatchedwa Fort Alston.

Asilikali aja anadzera ku Nkhotakota, koma mphamvu imene inawatuma inali kutali kummwera, m'nyumba ina ya nsanja ziwiri pa mtsetse wa phiri la Zomba. Kuyambira chaka chimenecho kufikira 1975, ndiye kuti zaka 80, zinthu zazikulu zogwera munthu wa kuno ku chidikha chathu zinkayambira kumeneko: msonkho wa nyumba, kulembedwa kwa anyamata opita ku nkhondo, chilolezo cholimira fodya, ndi msika wokagulitsako. Agogo athu ankaudziwa mzindawo monga munthu adziwira mphenzi, poona mtengo umene yang'amba, osaona kumene yachokera. Ndipo ife adzukulu awo sitisiyana nawo kwenikweni. Ku Chinkhoma timakudziwa, ku Kanengo timakudziwa, ena a ife tinafika ndi ku Limbe komwe potsata mabelo; za ku Joni ndi ku Harare tinazimva kwa atate athu amene anakagwira ntchito kumeneko. Koma mutafunsa pa msonkhano wa kalabu ya alimi kuti ndani anapondapo ku Zomba, manja okwera angakhale owerengeka.

Tsono mwezi uno tati titengane, owerenga athu, tikauone mzindawo.

Nthawi yabwino ndi ya chisanu, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, zigafa zili mbee, mabelo atapita ku okushoni, ntchito ya nazale isanayambe. Tidziwa ndithu kumene ndalama zina za fodya zimathera m'miyezi imeneyi. Alipo abambo amene amasowa pakhomo sabata ziwiri nabwerako ndi nsapato zatsopano ndi matumba obooka. Ndalama yomweyo ingathe kukweza mayi ndi ana basi, ndi kutsalako yogulira nsomba pobwerera. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ulendo ndi wa makilomita oposa 400, tsiku lathunthu panjira. Mudzaoloka Bua, mudzadutsa Madisi ndi Mponela mpaka Lilongwe. Kuchoka apo Dedza, Ntcheu, kenaka mudzapatuka kulowera ku Balaka ndi Liwonde, kumene muolokere Shire. Pa Liwonde pamenepa ndi pamene, m'mwezi wa Febuluwale 1965, Henry Chipembere ndi anthu ake, ali pa ulendo wokalanda Zomba, anapeza pantoni yoolotsa anthu ili tsidya lina, nabwerera. Mukapitirira Machinga, Malosa ndi Domasi, phiri limayamba kukutsatani kudzanja lamanja. Ife tinazolowera dziko loyalika, kumene diso limayenda mtunda wautali osakhumudwa, kungoona phiri la Kasungu kapena la Ngara lili lokhalokha ngati chulu pakati pa munda. Koma ili ndi khoma, lotalika ndi lotambalala, nsonga yake yoposa mamita 2,000, ndipo mzinda wonse wangokhala chotsamira pa mapazi ake.

Anayamba ndi mlimi

Chinthu choyamba chimene mlimi wa ku Kasungu ayenera kudziwa nchakuti Zomba wa azungu anayambidwa ndi mlimi mnzake. Malowo sanali opanda eni: kunali Anyanja kuyambira kale, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 kunali kutadzanso mafumu a Chiyao monga Malemia ndi Mlumbe. David Livingstone anadutsako mu 1859, naona Nyanja ya Chilwa. Koma woyamba kukhazikika mwa azungu anali John Buchanan wa ku Scotland, amene anabwera mu 1876 ngati wosamalira minda pa mishoni ya Blantyre. Atasiyana ndi mishoni mu 1881, iye ndi abale ake anatsegula minda m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, nabzala khofi, nzimbe ndi fodya. Makolo athu fodya anali naye kale, wa labu uja, wofwenkha ndi wa m'kaliwo. Chatsopano chinali kumulima kuti akagulitsidwe kutsidya kwa nyanja. Fodya woyamba wa dziko lino anatumizidwa ku London mu 1893. Khofi, amene azungu ankamudalira poyamba, anagwa zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, koma fodya anakhala. Chotero tsamba limene timasoka ku Santhe, ku Chamama, ku Chulu ndi kwa Wimbe linayamba ulendo wake wa malonda kuno kummwera, m'manja mwa banja limeneli.

Buchanan yemweyo ndiye anamanga nyumba ya nsanja ziwiri ija mu 1886, pomangira kazembe wa Britain, Hawes. Anasankha malowo chifukwa njira ya akapolo yopita kugombe la nyanja yamchere inkadutsa pakati pa phiri ndi Nyanja ya Chilwa. Anthu a m'deralo, poona madenga osongoka a nsanjazo, anaitcha nyumbayo Masongola, ndipo dzinalo ndilo linakhala, kufikira pamene inasanduka hotela. Mu 1891 munalowa Harry Johnston, mnyamata wa zaka 33 amene anatumidwa kudzakhazikitsa boma la Mfumukazi Victoria. Iye sanafune kukhala ku Blantyre, kumene amishoni ndi amalonda a Mandala anali ndi mawu amphamvu. Anakonda Zomba chifukwa cha madzi ake, mphepo yake ndi kukongola kwake. Likulu la dziko linabadwa motero, ndi kukonda kwa munthu mmodzi.

Imani pabwalo la nyumbayi muyang'ane makoma ake ochindikala. Mabuku amati anamanga ndi Buchanan, ndipo sanama. Koma njerwa sizinaumbidwe ndi manja awiri. Ndiponso kumbukirani kuti njanji siinafikepo ku Zomba, ngakhale lero. M'zaka zoyambazo katundu wochokera ku Ulaya ankakwera ndi sitima za pamadzi mu Zambezi ndi mu Shire, ndipo pamene mathithi atsekereza njira, ankasenzedwa pamutu. Malata, magalasi a mazenera, mabokosi a mapepala a boma, zonse zinakwera mapiri a kummwera pa mitu ya amtengatenga, munthu aliyense mtolo wa mapaundi 50 kapena kuposa. Bwana mwini ankabwera pambuyo atagona m'machila, anyamata akusinthana mapewa uku akuthamanga.

Pafupi pomwepo pali munda wa mitengo ndi maluwa umene unatsegulidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene anabwera ndi Johnston. Ntchito ya mundawo inali kuyesa mbewu zachilendo, kuti aone zimene zingabereke m'dziko lino ndi kubweretsa ndalama. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, m'mabuku a sayansi umatchedwa ndi dzina la munthu ameneyu. Mulunguzi amadutsa pakati pa mundawo akulira pamiyala, pali timilatho ndi mithunzi ya nsungwi ndi mitengo ikuluikulu, ndipo ngati mwatenga kamba wa paulendo, malo odyera ndi amenewa. Samalani ndi apusi.

Mzinda wa makwerero

Pochoka m'mundamo tsikani wapansi, osafulumira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mudzaona kuti mzindawu unayalidwa ngati makwerero. Pamwamba, pamene pali mphepo yozizira ndi madzi oyamba a mtsinje, panali nyumba za azungu a boma, iliyonse ndi khonde lake lalikulu, chumuni cha moto wa chisanu, ndi kanyumba ka antchito kuseri. Chapakati panali maofesi, bwalo la gofu ndi kalabu ya Gymkhana, imene munthu wakuda ankalowamo ngati wophika kapena woperekera zakumwa basi. Mmunsi, m'mbali mwa msewu waukulu, munali masitolo a amwenye, mzikiti ndi msika. Kunsi kwenikweni, kotentha ndi kwa udzudzu, ndiko kunali malayini a makalaliki, amesenjala ndi apolisi achikuda. Panalibe chikwangwani chofunika. Phiri lokha linkauza munthu aliyense malo ake.

Sitikana kuti nyumba za pamwambazo nzokongola. Omanga ake ankadziwa dzuwa ndi mvula ya dziko lino kuposa ambiri omanga lero: denga lalitali, khonde lozungulira, mazenera oyang'anana kuti mphepo idutse. Zina zasamalidwa, zina malata achita dzimbiri, njerwa zikugumuka, udzu wamera m'mipopi ya madzi a mvula. Pali anzathu amene amati zisiyeni zigwe, nza atsamunda. Ife sitigwirizana nawo. Ndalama zimene zinamanga nyumbazi zinatuluka m'mipango ya agogo athu, ndipo munthu sagwetsa nkhokwe chifukwa chakuti anamulimitsa chimangacho ndi chikoti.

Tikatero tafika pa nkhani ya msonkho. M'maofesi a njerwa zofiira amenewa ndimo munakonzedwa msonkho wa nyumba, umene mu 1894 unali mashilingi atatu pa chaka. Zaka za m'ma 1900 zitayamba unakwera kufika mashilingi asanu ndi limodzi, koma munthu wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka. Nzeru yake ikuonekera poyera: sankafuna ndalama zokha, ankafunanso manja. Kwathu kuno kunalibe minda ya azungu yokwanira kapena msika wogulitsako mbewu, chotero amuna anayamba kuyenda pansi kunka ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni, midzi nkutsala ya amayi, ana ndi nkhalamba. Mmodzi wa anyamata amene anatsata njira imeneyo cha m'ma 1915 anali Kamuzu Banda wa kuno ku Kasungu.

Fodya naye sanathawe dzanja la Zomba. M'zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi R. W. Wallace anafalitsa fodya wa chikopa pakati pa alimi a m'midzi ku Lilongwe ndi ku Dowa, ndipo alimiwo anachuluka mofulumira kotero kuti azungu a minda anada nkhawa. Mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, lakuti lizilemba maina a olima, liziika malire a misika ndi kudula ndalama pa fodya aliyense wogulidwa. Mlimi wa m'mudzi analibe mpando m'bungwelo. Ndipo tisanamize ana athu kuti zonsezi zinatha ndi kutsika kwa mbendera ya azungu. Lamulo la mbewu zapadera la 1972, limene linapatsa eni maesiteti okha ufulu wolima fodya wa bale ndi wa fuluu, linavomerezedwa mu Zomba momwemu ndi aphungu athu omwe. Ndilo linadzaza chidikha cha Kasungu ndi maesiteti ndi matenanti, ndipo mlimi wamng'ono analoledwa kulima bale pa munda wake kuyambira mu 1990. Amene anakulira pa esiteti, akulandira chimanga cha ngongole kwa kapitawo ndi kudikira malipiro a kamodzi pa chaka, ali ndi chifukwa chokwanira choimira kanthawi patsogolo pa Nyumba ya Malamulo yakaleyo.

Nyumbayo njaing'ono kuposa mbiri yake. Bungwe lopanga malamulo linakhazikitsidwa mu 1907, chaka chimene dziko linatchedwa Nyasaland, koma kwa zaka zoposa 40 munalibe munthu wakuda. Wolankhulira eni dziko ankakhala mmishonale, monga Alexander Hetherwick kapena Robert Laws. Akuda oyamba analowamo mu 1949, ochita kusankhidwa ndi Bwanamkubwa. Mu 1956 munalowa Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata amene mafunso awo otsutsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ankawerengedwa m'midzi ngati nkhani za nkhondo. Momwemonso, mu Seputembala 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, Kamuzu ndi nduna zake anagawanikana, ndipo ambiri a iwo anathera kunja kwa dziko. Aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994, likulu litasamuka kale.

Nyumba ya Bwanamkubwa, yomangidwa mu 1901, simudzaiona bwino, pakuti ili kuseri kwa mpanda ndi mitengo, ndipo pachipata pali alonda. Musatulutse foni kuti mujambule. Kuchokera m'menemo Sir Robert Armitage analamula za pa 3 Malichi 1959, pamene anthu oposa 1,000 anamangidwa ndipo pafupifupi 50 anaphedwa, ena a iwo pa doko la Nkhata Bay. Pa 1 Epulo 1960 Kamuzu, atatulutsidwa m'ndende ya Gwelo, anatengedwa kulunjika m'nyumba yomweyo kukakambirana ndi nduna ya ku Britain, Iain Macleod. Mnyamata uja anachoka kwathu wapansi analowa pa khomo lalikulu. Patapita zaka 15 iye yemweyo anachotsa likulu ku Zomba nalipititsa ku Lilongwe, ponena kuti mzinda wopanikizika paphiri, kummwera kwa dziko, sungatukule chigawo cha pakati ndi cha kumpoto. Britain anakana kuthandiza. Ngongole inachokera ku South Africa ya tsankho. Anthu a ku Zomba mwina sanatikhululukire kwenikweni ife a ku Kasungu pa nkhani imeneyi, koma kusamukako ndiko kunasunga mzinda wao monga ulili. Ukanakhalabe likulu, bwenzi nyumba zakalezi zitagwetsedwa kalekale kuti pamangidwe zosanjikizana.

Chipilala cha asilikali

Pa msewu wotulukira ku Blantyre, pafupi ndi malo a asilikali a Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi, chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ngati nthawi yakuchepetsani, siyani zina koma apa musapasiye.

Gulu la asilikali limeneli linapangidwa mu 1902, ndipo Zomba ndiye anali kwao kwa magulu ake a dziko lino. Anyamata a Chiyao, a Chitonga, a Chingoni ndi a Chichewa anaphunzira perete pa mabwalo amenewa natumizidwa kukamenya nkhondo za eni ku Somaliland, ku Tanganyika, ndipo pa nkhondo yachiwiri ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Nkhondo yoyambayo makolo athu anaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Asilikali ochokera m'dziko lino anali pafupifupi 19,000. Koma amtengatenga, onyamula chakudya ndi zipolopolo m'nkhalango zopanda misewu, anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Amesenjala ankawagwira m'midzi, nthawi zina usiku. Anafa ndi njala, kamwazi, chibayo ndi kutopa, ndipo otsala anabwerera kudzakumana ndi mliri wa fuluwenza wa 1918. John Chilembwe anali atachenjeza kale, m'kalata yake ya mu Novembala 1914, kuti osauka akutumidwa kukafera nkhondo imene sadziwa chiyambi chake; patapita miyezi iwiri anaukira boma, ndipo pa 3 Febuluwale 1915 anaphedwa.

Pa chipilalacho pali maina a asilikali. Awerengeni mokweza, ana amve. Ndi maina a kwathu, ena olembedwa mokhota monga anawamvera khutu la mzungu. Koma amtengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Anakwiriridwa m'mbali mwa njira, opanda mwala. Mu 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu oposa 100,000, makamaka a mu Africa, amene anafa pa nkhondo imeneyo sanakumbukiridwe ndi maina monga anachitira ndi azungu. M'mabanja ambiri kuno ku Kasungu muli nkhani ya agogo ena amene anatengedwa nthawi ya mtengatenga osabweranso. Manda awo sitidzawapeza. Malo oyandikira kwambiri amene tingaimepo ndi kuvula chipewa ndi pansi pa wotchi imeneyi.

Chapafupi pali ndende yaikulu ya Zomba, yomangidwa mu 1935. Sikoyenera kuchezako, koma podutsa auzeni ana kuti Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, anafera m'menemo mu Okutobala 1992, ndi kuti kunja kwa mzinda kuli Mikuyu, kumene wolemba ndakatulo Jack Mapanje anasungidwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Makoma anamangidwa ndi atsamunda. Makiyi anadzakhala m'manja mwathu. Auzeninso kuti nyimbo zoimbidwa ndi akaidi a m'ndende ya Zomba zinapikisana nawo pa mphotho ya Grammy ku America mu 2016.

Kumsika ndi kuphiri

Zolemetsa mtima zikachuluka, lowani mumsika. Amayi a ku Kasungu, ozolowera kudikira mvula kuti aone ndiwo zamasamba, adzaima kukamwa kuli yasa: kabichi, karoti, nyemba zaziwisi, mapeyala, nthochi, tsabola, zonse zili mbwee pakati pa chilimwe, chifukwa mitsinje ya m'phiri siiphwa msanga. Kachewere wathu kuno amamutcha mbatatesi, ndipo wogulitsa akakuitanani kuti achimwene kapena achemwali musadabwe. Kuli mpunga wa m'madambo a Chilwa, ndi matemba, makumba ndi milamba ya m'nyanja yomweyo. Nyanjayo ilibe mtsinje wotulukamo, ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, niphwanso mbali yaikulu mu 2018. Mtengo wa matemba mumsikamu umanena za msinkhu wa madzi ake.

Kuphiri kumafuna tsiku lakelake. Msewu wa tala umakwera mokhotakhota mpaka pa hotela ya Ku Chawe, ndipo amphamvu angathe kudzera njira ya wapansi imene alimi ankatsitsira mbatata zao. Tengani majuzi, chisanu cha pamwambapo si chathu chino. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa zipatso zofiira za kuphiri zimene ana athu sanalawepo. Pamwamba pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda, mathithi, ndi malo awiri otchuka oonerapo dziko. Ena amatchedwa Queen's View, pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957. Ena Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anaimapo mu 1965. Alendo a tsiku limodzi anasiya maina awo pa malo okongola koposa, koma nsonga za phiri zinakana: zikadali Malumbe, Chagwa ndi Nawimbe. Kukacha bwino mudzaona mzinda wonse pansi panu ngati mbewu zoyanika pa mphasa, patsogolo Nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo kutali Mulanje atatsamira mitambo.

Kumadzulo kwa phiri kuli dzenje la Chingwe, lakuya ndi lamdima, limene anthu amati mafumu akale ankaponyamo adani awo ndi odwala khate. Gwirani ana padzanja.

Chinthu china mudzachiona popanda wokulozerani. Mitengo ya paini imene inabzalidwa paphiripo yatha m'malo ambiri ndi moto, macheka ndi makala, ndipo tsiku lonse mudzakumana ndi amayi ndi abambo akutsika ndi mitolo ya nkhuni ndi matabwa pamutu, monga amtengatenga aja. Anthu a kuno amadziwa chimene phiri lingachite. Mu Disembala 1946 mvula yoopsa inagwa usana ndi usiku, phiri linagumuka, madzi ndi miyala zinakokolola milatho ndi midzi, anthu nafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anakumbutsa chigawo chonse cha kummwera kuti nkhaniyo siinathe. Koma ife tisatambasule chala msanga. Mabalani a fodya wa fuluu ndi mitengo ya zigafa zinadya thengo la Kasungu m'zaka zochepa chabe, ndipo Bua ndi Dwangwa akuchitira umboni ndi mchenga wao.

Kumene kuli maina a midzi yathu

Likulu litachoka, Zomba anatsala ndi ophunzira. Sukulu ya Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ndiyo yatenga dzina la University of Malawi. Ana ambiri a alimi a kwathu anaphunzira kumeneko ndi ndalama za mabelo. Pitani nawo ang'onoang'ono akaone nyumba ya mabuku ndi holo yaikulu. Mwana amalakalaka chimene waona.

Koma malo amene ife tiwayesa a mtengo wapatali koposa ndi osaoneka bwino kunja: nyumba yosungira mapepala akale a boma, ya National Archives, imene inayamba mu 1947. Mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsa ndi moto umene unatentha maofesi a boma mu 1919, koma otsala ndi ochuluka. Muli mabuku ndi malipoti amene ma DC ankalemba m'maboma awo chaka ndi chaka: maina a mafumu ndi anyakwawa, chiwerengero cha nyumba, msonkho wotoleredwa, mvula, dzombe, njala, milandu ya malire, ndi amuna amene anapita kunja. Mulinso manyuzipepala ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno. Olembawo ankalemba ndi maso a wolamula, ndipo nthawi zina mawu awo amaluma. Komabe pakati pa mizere yao munthu angapeze mudzi wa kwao, ndi dzina la gogo amene ankangomumva m'nkhani za pamoto.

Ofesiyi imatsegulidwa masiku a ntchito okha, ndipo wofuna kuwerenga amayamba wapempha chilolezo. Chotero konzani ulendo kuti Lachisanu likupezeni kumapepala, Loweruka kuphiri, la Mulungu mukapembedze ndi abale a Sinodi ya Blantyre, ndipo Lolemba mulawire basi yobwerera. Musananyamuke kwanu, khalani pansi ndi akuluakulu a m'mudzi, muwafunse dzina la nyakwawa wa nthawi ya agogo awo, dzina lakale la mudzi ngati unasamuka, ndi mtsinje umene ankamwa. Mulembe zonsezo pa pepala, pakuti m'mabuku a ku Zomba midzi inalembedwa ndi maina a masiku amenewo.